Kukapempha Munda ku Ludlow

Amuna anga, bambo a Tadala, anagwira ntchito kuboma kwathu zaka khumi ndi zinayi. Anali kalaliki wa za malo mu ofesi ya bwana DC. Munthu akafuna puloti, kapena akakangana ndi mnzake za malire, ankayamba wakhala pabenchi kudikira iwowo, chipewa chili m'manja. Ine nditapeza ntchito ya unesi ku Birmingham, ndinawaitanitsa pamodzi ndi ana, ndipo munthu wa chidindo uja anasanduka wosambitsa nkhalamba panyumba ina yosamalira okalamba ku Erdington. Ntchitoyo sanaidandaule. Chimene chinkawadya moyo ndi munda. Kwathu, ngakhale anali bwana wa taye, Loweruka lililonse ankavula nsapato n'kulowa m'chimanga chawo. Kuno kuseri kwa nyumba yathu ya lendi kunali simenti yokhayokha ndi mabini awiri.

Mu Januwale 2009, ana atapita kusukulu, anandiuza mosapsatira. "Mayi a Tadala, nyengo yodzala ya kuno ikakwana ine ndilibe polima, ndikupita kumudzi. Ana mutsala nawo. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani."

Ndinachita mantha, ndisaname. Amuna anga si munthu wolankhula kawiri. Koma nkhani ya khasu inkandinyansa. Ndinakula ndikulima m'mamawa ndisanapite kusukulu, ndipo unesi ndinauphunzirira kuthawa zomwezo. Ndiye ndikwere ndege kudutsa nyanja zonsezi kuti azimayi a kutchalitchi azidzanena kuti mwamuna wa sisita uja akugaula? Ayi ndithu.

Iwo anagula mapu akale m'kasitolo ka kaunjika, nawayala patebulo. Chala chawo chinayenda chakumadzulo kwa Birmingham mpaka pamene pepala linali lobiriwira lokhalokha, pafupi ndi malire a dziko la Wales. "Taonani malo akungogona awa! Ndipo alemba kuti ndi distirikiti, likulu lake Ludlow. Pali distirikiti pali DC. Pali DC pali kalaliki wa za malo. Ife makalaliki timamvana."

Ndinati bwanji tiyambe tawaimbira foni. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Malo sapempha pafoni, mayi. Umapita wekha, ndi munthu wokulankhulira, ndiponso kanthu kali m'manja." Ndinangoti chabwino. Mumtima ndinati asiyeni akagunde khoma okha, akabwerako adzakhala pansi, nkhani ya kumudziyi idzafera pomwepo.

Wotilankhulira anali a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, amene ankakhala ku Whitmore Reans ku Wolverhampton. Anabwera kuno kudzachita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi pa za kayendetsedwe ka maboma, ndipo chimenechi chinali chaka chawo chachisanu. Kanthu ka m'manja kanali nkhuku. Yamoyo tinaisowa, ndiye tinagula ku Lozells kwa wabutchala uja amagulitsa nkhuku zokalamba zolimba, zija zimakoma ngati zachikuda. Inali youma gwa ndi ayezi. Ndinaikulunga m'nyuzipepala, kenako m'kachitenje, n'kuiika m'chikwama changa chabwino cha kutchalitchi.

Tinanyamuka Lachinayi lina mu Malichi, ine nditapempha ofu. Amuna anga anavala suti yabuluu ija ankavala nduna ikamabwera kuboma. Tinagwirizana kukumana ndi a Mbewe m'tauni eyiti koloko. Anafika naini itadutsa, chikwatu cha mapepala chili m'khwapa, akumwetulira ngati afulumira. Basi yomwe tinkafuna inali itapita kalekale.

"Zikomo, zikomo, mwadzuka bwanji kunyumba? Ana adzuka bwanji?"

"Ana adzuka, basi yapita," ndinatero.

"Ina ibwera, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Inabweradi. Tinakwera yopita ku Kidderminster, amuna anga akudandaula kuti mtengo wa matikiti atatu ukanatifikitsa ku Karonga n'kubwerako. Tisanafike n'komwe ku Halesowen, a Mbewe anatsegula chikwatu chija n'kuyamba kalasi. Anati kumidzi ya kuno maboma alipo atatu osanjikizana, la kaunte pamwamba, la distirikiti pakati, la parishi pansi.

"Nditapereka chitsanzo," anatero, akuloza pawindo. "Msewu uwu ndi wa kaunte. Zinyalala zili m'mbali mwakezo amatola ndi a distirikiti. Koma benchi limene anakhalapo munthu wotaya zinyalalayo ndi la parishi."

"Nanga benchilo likagwera mumsewu?" anafunsa amuna anga, mwa ukalaliki weniweni.

"Amapanga komiti."

"Eya, ndiye ndi anthu ngati ife tomwe. Nanga DC amakhala pati pamenepa?"

A Mbewe anatembenuza mapepala awiri atatu. "M'mabuku sanamutchule bwinobwino."

"Sangamutchule. Munthu wamkulu salembedwa m'mabuku a ana asukulu. Kodi u-DC anabweretsa kwathu ndani? Si Angerezi omwewa? Angatipatse ife chinthu chomwe kwawo alibe?" Amuna anga anawongola taye n'kutsamira mpando, nkhani yatha. Ine ndinangoyang'ana panja, nyumba zikuchepa, mipanda ya zitsamba ikuyamba.

Ku Kidderminster tinapeza basi ya ku Ludlow itangochoka mphindi zisanu ndi imodzi zapitazo. Ndinawerenga pachikwangwani kawiri, poganiza kuti maso akundinamiza. Yotsatira inali patapita maola awiri. Ku Birmingham basi ukaiphonya umangoyetsemula kamodzi ina yafika, koma kumidzi ya Azungu basi ndi mlendo wolemekezeka.

Kunkazizira koopsa. A Mbewe anatiuza kuti tauni imeneyi inatchuka ndi mafakitale a makapeti, koma ife tinakhala pachitsulo chozizira cha pasiteji, chopendekeka dala kuti munthu asakhalitse. Patapita theka la ola amuna anga anatopa.

"Magalimoto onsewa akupita konko, muli munthu mmodzimmodzi. Tiyeni tikaime pamsewu tipeze matola."

"Bambo, kuno kulibe matola," ndinatero.

"Kulibe chifukwa palibe anayesapo."

Anakaima m'mbali mwa msewu, suti ili pyapyapya ndi mphepo, n'kumagwedeza dzanja pansi ndi m'mwamba monga timachitira pa Mponela. A Mbewe anaima pambali pawo atanyamula chikwatu. Azungu ena ankayang'ana kumbali. Ena, a mtima wabwino, ankawabayibitsa. Amuna anga ankabwezera moniwo mwaulemu, kenako n'kutukwana chapansipansi. Pamapeto pake galimoto imodzi inaima. Anathamangira, ine ndikutola chikwama. Mdala wa m'galimotomo anatsitsa galasi pang'ono n'kunena kuti iye ali kale ndi tchalitchi chake, koma kapepala ka Mulungu atha kulandira kuti asatikhumudwitse. A Mbewe, posafuna kumubweza chimanjamanja, anamupatsa pulogalamu ya mapemphero athu a Pasaka.

Tikubwerera pasiteji ndinamva mwendo kunyowa. Nkhuku ya bwana DC inali itayamba kusungunuka. Madzi ofiirira ankadontha pakona ya chikwama n'kutsikira musitokini. Ndinalowa m'chimbudzi cha m'sitolo ina, n'kuikulunganso m'majumbo awiri, ndikudzifunsa pagalasi kuti iwe Joyisi, sisita wathunthu wolamula wodi ya mabedi makumi awiri, wafika pati apa? Ndinatuluka nditakwiya, koma ndinadzitonthoza kuti mavuto onsewa ndi a tsiku limodzi.

Basi ya ku Ludlow inali yaing'ono, ndipo aliyense m'menemo ankadziwana ndi dalaivala. Titalowa anthu anasiya kulankhula, kenako onse anayamba kumwetulira nthawi imodzi, kumwetulira kuja kwa milomo yokha. Tinawoloka mtsinje wa Severn pa Bewdley, n'kulowa m'nkhalango. Pa Cleobury Mortimer pali tchalitchi cha nsanja yopotoka, yopindika zoonekeratu. A Mbewe anati matabwa ake anapindika okha pazaka mazana ambiri ndipo alendo amabwera kudzaijambula. Amuna anga anapukusa mutu. "Mmisiri anadya ndalama ameneyo. Kwathu tikanamumanga, kuno amujambula."

Mpando wa kutsogolo kwathu kunali mayi wachikulire wa chipewa cha ubweya, ndi kagalu. Kagaluko kanatsika pamiyendo pake n'kulunjika chikwama changa. Ndinakakankha ndi phazi mobisa, koma kanabweranso. Mayiyo anati, "Akukukondani! Sakonda aliyense, mukudziwa." Ndinati zikomo. Ndikanamuuza bwanji kuti galu wake akufuna mphatso ya boma?

Apo amuna anga anapezerapo mpata. Basi inali itatsekeredwa kumbuyo kwa thirakitala yomwe inkayenda ngati ikuperekeza maliro, ndiye minda inkadutsa pang'onopang'ono, yonse udzu wokhawokha. Anamupatsa moni mayi uja, n'kumufunsa m'Chingerezi chawo cha mu ofesi kuti kodi malo awa, amene akuoneka kuti sakulimidwa, ali m'manja mwa ndani.

Mayiyo anasangalala ngati wakhala akudikira funsoli moyo wake wonse. Munda uwu ndi wa banja lakutilakuti, uwo unali wa mchimwene wake koma anagulitsa kwa dokotala wa mano wa ku London, uwo ndi wa mkazi wamasiye amene sayankhulana ndi mwana wake chifukwa cha geti. Kankhalango ako kali ndi mwini. Kamtsinje ako nsomba zake zili ndi mwini wina, wosiyana ndi mwini wa madzi. Palibe chitsamba chomwe tinadutsa chopanda dzina la munthu. Nkhope ya amuna anga inkagwa pang'onopang'ono, ndipo ine mumtima ndinkati eya, khoma lija layamba.

Kenako basi inakwera phiri la Clee. Matayala anachita gwedegwede pazitsulo zoyala pamsewu zoletsa ziweto kudutsa, mipanda inatha, ndipo kunali chidikha cha udzu mpaka kumwamba, nkhosa zili balalabalala. Mayi uja anati awa ndiye malo a onse, alibe mpanda chiyambire kalekale.

"A onse?" Amuna anga anatsala pang'ono kuimirira. "A Mbewe, mwamva? Malo a makolo! Ndinanena ine!"

Koma mayiyo anapitiriza. Anati phirilo mwini wake alipo ndithu. Kungoti nyumba zina za m'mbali mwake zili ndi ufulu wodyetsapo nkhosa, ndipo ufuluwo ndi wa nyumba, osati wa munthu. Ukagulitsa nyumba, ufulu umatsala pakhomo pomwepo. Ndipo ngakhale uli nawo, sungakumbe dzenje ngakhale lodzalamo mbatata imodzi.

"Ndiye nkhosa ili ndi malo, munthu alibe?" anatero amuna anga.

Apa a Mbewe anatsegulanso chikwatu. Anati kale malo oterewa anali ambiri m'dziko lonseli, anthu wamba ankadyetsapo ng'ombe ndi kutolapo nkhuni. Kenako olemera anapanga malamulo n'kumangira mipanda, ndipo amphawi, atasowa pogwira, anatsikira ku Birmingham kukagwira ntchito m'mafakitale.

Amuna anga anati, "Ndiye kuti atsamundawa anayambira pa abale awo omwe? Kwathu anangobwera atazolowera kale?"

Basi inaima. Nkhosa zitatu zinali zitagona pakati pa msewu. Dalaivala sanaimbe hutala, anangopinda manja n'kumadikira. Tinakhala pamenepo mphindi zingapo mpaka nkhosa imodzi inaganiza zodzuka ndipo zinzake zinatsatira. Wa minibasi wa kwathu akanakhala atadya kale chiwindi cha nkhosazo.

Tinafika ku Ludlow thuu koloko itadutsa. Amuna anga ataona chinyumba chachikulu chamiyala pamwamba pa tauni, anati bomalo ndi limenelo, ndipo anatitsogolera molimba mtima. Pageti anatiuza kuti tigule matikiti. Titasuzumira tinaona kuti nyumbayo ilibe denga. A Mbewe anati linali bomadi, Angerezi ankalamulira dziko la Wales ali m'menemo, koma tachedwa ndi zaka mazana atatu.

Ofesi ya khonsolo tinaipeza pofunsa. Titalowa tinaona makatoni ali mbwee m'khonde, ena omata kale, zithunzi zitachotsedwa pakhoma. Mtsikana wa pakauntala anafunsa ngati tinapangana ndi wina. Amuna anga anati tabwera kudzaonana ndi bwana DC. Mtsikanayo anati sakumudziwa munthu ameneyo, kodi ndi nkhani ya mabini? Ya msonkho wa nyumba? Tikufuna kumanga khonde? A Mbewe anati nkhani yake si yonenera choimirira. Mtsikanayo anatiyang'ana tonse atatu, anayang'ana chikwama changa, n'kukweza foni.

Kunabwera bambo wina wa imvi, wovala juzi yobiriwira yotha m'zigongono, wopanda taye. Amuna anga anaganiza kuti ndi mesenjala, mpaka bamboyo anatilowetsa m'kachipinda n'kunena kuti iye ndi wa ku dipatimenti yoona za mapulani a malo. Pamenepo amuna anga anadzuka n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

A Mbewe anayamba monga mwa mwambo. Anapereka moni, anafunsa za kunyumba, anafotokoza kuti ndife alendo m'dziko lino ndipo mlendo salowa m'munda mwini asanamuloze. Anatchula mbiri ya amuna anga, zaka khumi ndi zinayi za utumiki. Anatha mphindi khumi asanatchule mawu oti munda. Mzunguyo anamvetsera zonse, cholembera chili m'manja, osalemba kanthu. Atamva kuti tikupempha maekala awiri okha odzalapo chimanga ndi maungu, anavula magalasi.

Anayankha mofatsa kwambiri. Anati m'dziko lino mulibe DC, ndipo iye mawuwo anangowamva m'mafilimu akale. Anati khonsolo yawo sigawa malo. Ntchito yake ndi kuuza mwini malo zimene saloledwa kumangapo. Minda ingapo ya boma imene amabwereketsa alimi ili m'manja mwa kaunte, ndipo alimi obadwira konkuno amaidikira mpaka kukalamba. Timinda ting'onoting'ono ta ndiwo zamasamba timayendetsedwa ndi makhonsolo a matauni ndi a parishi, koma timapatsidwa kwa anthu okhala komweko.

"Ndiponso," anatero akuloza makatoni, "mwatipeza tikusamuka. Distirikiti ino ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Atiphatikiza ndi anzathu onse kukhala khonsolo imodzi, likulu lake ku Shrewsbury."

Amuna anga anatembenukira kwa a Mbewe. "Akuti chiyani? Boma likutha?"

"Akutero."

"Boma limatha? Lalakwa chiyani?"

Bamboyo anati silinalakwe kanthu, akuluakulu aona kuti maboma achuluka. Anati distirikitiyi inapangidwa m'zaka za m'ma 1970 pophatikiza timaboma tina tating'ono, ndipo iye analowa ntchito ali mnyamata, inki ya mapu isanaume. Tsopano amuuza kuti akafuna alembere ntchito yake yomwe ngati mlendo, kapena apume. Ananena moseka, koma kusekako sikunafike patali.

Zimene anachita amuna anga sindinaziyembekeze. Anaiwala za munda. Anasendeza mpando, anaika manja pamaondo, n'kuweramitsa mutu monga timachitira pasiwa. A Mbewe anachita chimodzimodzi. Kenako amuna anga anati, "Pepani, bwana. Pepani kwambiri. Ine ndikudziwa kusiya tebulo limene unalizolowera. Anthu amaganiza kuti ndi thabwa chabe." Mzungu uja anafiira nkhope mpaka m'makutu, anatsokomola, n'kunena kuti ndife anthu oyamba kumupepesa. Anatuluka n'kubwera ndi tiyi m'makapu osiyanasiyana, poti ena anali atalongedzedwa kale.

Amuna anga anandikodola kuti nditulutse mphatso ija. Inali yopemphera munda, tsopano inasanduka chipepeso. Ndinamasula jumbo loyamba, fungo linatuluka, mwendo wa nkhuku unasuzumira. Bamboyo anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Anati ndi wothokoza kwambiri, koma mphatso iliyonse amayenera kuilembetsa m'buku lapadera, ndipo bukulo lili m'katoni ina imene sakuidziwa. A Mbewe anati asavutike, iwo aisunga m'malo mwake, ndipo anailowetsa m'chikwatu cha digiri chija.

Zikanathera pomwepo, bwenzi ine nditapambana. Khoma analigunda, ndipo analigunda mwaulemu. Koma mzunguyo, pofuna kubweza ukoma, anafunsa kuti timakhala kuti kwenikweni. Titatchula Erdington anawala nkhope.

"Ndiye mwavutikiranji ulendo wonsewu? Ku Birmingham timinda ta khonsolo tilipo tambirimbiri, kuposa kuno. Amati ma-alotimenti. Mumangolembetsa dzina n'kudikira." Anagogoda pakompyuta yake, n'kusindikiza pepala. "Onani, ena ali kuseri kwa msewu wanu womwe, kuyenda pansi mphindi khumi."

Amuna anga analandira pepalalo n'kumaliwerenga pang'onopang'ono. Ine ndinkayang'ana m'kapu. Ndiye a Mbewe, Mulungu awakhululukire, anasuzumira papepalapo n'kuwomba m'manja.

"Aa! Kodi si kuja mumakatenga nkhwani, mayi? Kwa nesi mnzanu wa ku Jamaica uja? Munawauza mayi a kunyumba kwanga kuti ali ndi kamunda kuseri kwa mpanda wa malata. Nkhwani yokoma bwanji imene ija!"

Zinali zoona. Timindato ndinkatidziwa kwa zaka zitatu. Chilimwe chilichonse mnzanga uja ankandipatsa nkhwani ndi maungu, ndipo kunyumba ndinkanena kuti ndagula ku Lozells. Anandiuzapo kawiri kuti bwanji amuna ako osalembetsa, ine n'kumuyankha kuti alibe nthawi. Ndinkadziuza kuti kamunda kotero n'kochepa, kangawanyoze munthu wa maekala. Koma chenicheni n'chakuti sindinkafuna kuti anthu a kutchalitchi awaone atanyamula khasu mumsewu wa Erdington.

Amuna anga sanandiyang'ane. Anapinda pepala lija kanayi, analiika m'thumba la jekete, anathokoza bambo uja ndi manja awiri n'kumufunira mpumulo wabwino.

Pobwerera basi sitinaiphonye. Amuna anga anakhala mpando wawokha pawindo. A Mbewe anayesa kuyambitsa nkhani ya miyala imene amaphwanya paphiri la Clee, koma kenako anazindikira okha kuti aponda pamoto. Titafika ku Kidderminster anati iwo akwera sitima, ndi yachidule kupita ku Wolverhampton, ndipo anachoka mofulumira ndi nkhuku yawo.

Tinatsala awiri pachitsulo chopendekeka chija. Dzuwa linali lisanalowe.

"Munkadziwa," anatero.

"Ndinkadziwa, bambo."

"Nkhwani ija ndinkadya ndikuyamikira Amwenye a ku Lozells."

Ndinayamba kulira, zomwe sindichita pagulu. Ndinati andikhululukire, ndinachita manyazi opusa. Ndinati Lolemba m'mawa tipitira limodzi kukalembetsa, khasu ndigula ndine, ndipo amene akufuna kuseka aseke.

Anayang'ana magalimoto odutsa. Kenako analankhula mosakweza mawu. "Mayi a Tadala, chisanu cha kuno ndachipirira. Kupukuta nkhalamba za eni ndapirira. Ana anga akundiyankha m'Chingerezi, ndapirira. Ndinkati bola m'nyumba muno muli munthu mmodzi wa mbali yanga. Lero mwanyamula nkhuku m'chikwama chanu kuyambira ku Erdington mpaka kumalire a Wales, mukundionerera ndikuimika magalimoto ngati wamisala, yankho muli nalo m'kamwa."

"Ndinkaopa kuti mupita."

"Mukanandiuza, sindikanapita."

Anatulutsa pepala lija n'kundipatsa. "Kalembetseni dzina lanu. Ine munda ndili nawo kwathu."

Ananyamuka mu Meyi. Sitinasudzulane, sitinakangane, ndipo ana amapita kukawaona. Ine Lolemba lija ndinapitadi ndekha kukalembetsa, poganiza kuti mwina akaona kalata asintha maganizo. Kalatayo inabwera patatha zaka ziwiri. Ndinawaimbira foni, ndinawapeza ali kumunda, mphepo ikuwomba m'foni. Ndinati malo aja atipatsa, nambala yake ndi iyi, dothi lake ndi lakuda bwino, pali ndi mpopi pafupi.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Mukamadzala chimanga, muziika ziwiriziwiri paphando. Kumeneko chimachedwa kumera, musataye mtima."

Ndinadikira kuti mwina anenanso china. Ndinangomva khasu likugunda pansi.